Ndikufuna kuyamba kusaka agwape m'nkhalango za boma ku Indiana: ndiyambire pati?

Funso lafika kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala m'chigawo cha Indiana ku America: "Ndakhala ku South Bend zaka zinayi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Novembala akafika anzanga akuntchito amasowa, pobwera ali ndi nyama yodzaza firiji. Akuti amakasaka agwape m'nkhalango za boma. Ine kwathu ku Ntchisi ndinkatsatira amalume ku uzimba ndili mwana, koma mfuti sindinaigwirepo. Kodi zimenezi n'zololedwadi kwa mlendo ngati ine? Nanga ndigule mfuti yanji?"

Achimwene, funso la mfuti ndiliyankha, koma mundilole ndiliike kumapeto, chifukwa pa zonse zimene mlenje watsopano amasowa, mfuti ndi imene sivuta kupeza. Ine chaka changa choyamba ndinali ndi mfuti yabwino kuposa nzeru zanga, ndipo ndinatha nyengo yonse ndikungoona michira yoyera ikulowa m'tchire.

Mtima ukhale m'malo, n'zololedwa. Ndikudziwa chimene chikukukayikitsani. Kwathu munthu akapezeka ndi mfuti ku Kasungu kapena m'nkhalango ya Nkhotakota, nkhani yake imathera kundende, ndipo chikonzereni lamulo loteteza nyama zakutchire mu 2017, milandu ikuluikulu imafika mpaka zaka 30. Kuno mbiri inayenda njira ina. Agwape a mchira woyerawa anali atatsala pang'ono kutha m'dziko lonse la America cha m'ma 1900, ndipo ku Indiana anatheratu. Boma linachita kukawatenga kuzigawo zina m'zaka za m'ma 1930 n'kuwamasula kum'mwera, ndipo kusaka kunatsegulidwanso mu 1951. Ndalama zambiri zowasamalira zimachokera kwa alenje omwewo, kudzera m'malaisensi komanso msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo, umene lamulo la Pittman-Robertson la 1937 linaupereka ku ntchito yosamalira nyama zakutchire. Lero anaswana moti alenje a ku Indiana amapha oposa 100,000 chaka chilichonse, koma mumawaonabe atafa m'mbali mwa msewu m'mawa uliwonse. Mimbulu yomwe inkawachepetsa kulibe, choncho boma limadalira alenje. Dzina loti gwape tikungobwereka. Nyama yake ndi yaikulu kutalitali poyerekeza ndi kagwape kathu. Wamkazi amafika makilo 50 kapena kupitirira, wamphongo wokhwima akhoza kukwana 90.

Musanafike ngakhale pakhomo la sitolo ya mfuti, yang'anani mapepala anu okhalira m'dziko muno. Apa ndiye pamene ife obwera timasiyana ndi anzanu akuntchito aja, ndipo iwo sangakuuzeni chifukwa sizinawakhudzepo. Mwa lamulo la dziko lonse, munthu wa green card, chiphaso chokhalira m'dziko muno mokhazikika, akhoza kukhala ndi mfuti. Wokhala pa viza yakanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, saloledwa, pokhapokha atakhala ndi laisensi ya ulenje imene ikugwira ntchito. Ikangotha, chilolezo chokhala ndi mfutiyo chathanso. Amene viza yake inatha kapena alibe mapepala saloledwa n'komwe kugwira mfuti kapena chipolopolo, ngakhale yobwereka kwa mnzake kwa tsiku limodzi. Ndi mlandu waukulu ndithu, wokhoza kukupatsani ndende kenako ndege yobwerera kumudzi. Ngati nkhani yanu ili pakatikati, mwina mukudikira yankho la ku imigireshoni, funsani loya musanachite kanthu. Safunsa anadya phula.

Zikakhala bwino kumeneko, pitani kumaphunziro a alenje amene nthambi ya zachilengedwe ya Indiana, DNR, imachititsa. Aliyense wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 sangagule laisensi yokhazikika alibe satifiketi yake. Ngakhale mutakhala wamkulu kuposa pamenepo, pitani. A m'kalasi ndi aulere, amatenga maola pafupifupi khumi, ndipo mukakhala pakati pa ana a zaka khumi ndi ziwiri musachite manyazi; ine ndinakhala nawo, ndipo kamtsikana kena kanandiposa pa mayeso. A pa intaneti aliponso, olipira, koma m'kalasi ndi mmene mumakumana ndi madala amene asaka dera lanulo zaka makumi atatu. Palinso laisensi ya wophunzira, imene imakulolani kusaka musanachite maphunzirowo bola muli pambali pa mlenje wamkulu wokhala ndi laisensi yake. Amalola zitatu zokha moyo wanu wonse. Poti mwakhala ku Indiana kupitirira masiku 60, mudzagula pamtengo wa nzika za chigawocho, umene ndi wotsika kwambiri. Koma dziwani kuti Michigan, ngakhale ili pamphuno pa South Bend, ndi dziko lina pa nkhani imeneyi: laisensi ina, malamulo ena, ndipo kumeneko ndinu mlendo.

Tsopano za amalume anu. Zambiri zimene munaphunzira ku uzimba muyenera kuzisiya pageti. Agalu othamangitsa nyama, ayi. Misampha ndi makhwekhwe, ayi. Kutentha tchire, musayerekeze. Tochi usiku, ayi. Nthawi yowombera imayamba mphindi 30 dzuwa lisanatuluke n'kutha mphindi 30 litalowa. Kuthira chimanga kapena mchere kuti nyama zizolowere malo n'koletsedwa ku Indiana, ngakhale muziona matumba ake akugulitsidwa m'masitolo. Kupha nyama pa laisensi ya mnzanu n'koletsedwanso: aliyense amapha yake. Wamphongo wa nyanga amalola mmodzi pachaka. Nyamayo simungagulitse, ngakhale kwa abale a kutchalitchi; kugawa kokha. Chimene mungatenge kwa amalume ndi maso oyang'ana pansi, komanso chizolowezi chija chotapa fumbi n'kulimwaza kuti muone kumene mphepo ikulowera. Zimenezozo n'zamtengo wapatali kuposa chilichonse chimene mungagule.

Malo a boma ku Indiana ndi ochepa. Dziko lambiri ndi minda ya anthu. Si malo onse a boma amene amasakidwa. Ku Potato Creek State Park, komwe mwina mumaona agwape akudya msipu osakuopani, simungalowe ndi mfuti, kupatula masiku ochepa apadera amene amasankha alenje mwa maere. Muyang'ane malo otchedwa Fish and Wildlife Area. Apafupi ndi inu ndi Kingsbury ku LaPorte County, pamene panali fakitale ya zida pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kum'mawa kuli Pigeon River ku LaGrange County, ndipo cha kum'mwera kuli Winamac ndi Jasper-Pulaski. Hoosier National Forest, yoposa maekala 200,000, ili kutali kum'mwera, ulendo wa maola anayi kapena asanu, ndipo ndi yamapiri. Imeneyo isiyeni kaye. Sankhani malo amodzi oti mukhoza kufikako mukaweruka kuntchito, muwadziwe ngati munda wa agogo anu. Malo aliwonse ali ndi timalamulo take; ambiri amafuna kuti mutenge kakhadi polowa n'kukabweza potuluka. Imbani foni kuofesi yawo, amayankha bwino.

Malire muwasamale kwambiri. Mukaona utoto wapepo pamtengo kapena pamsanamira, mwa lamulo la Indiana ndi chimodzimodzi chikwangwani choti musalowe. Ngakhale nyama imene mwailasa itakagwera mapazi khumi kuseri kwa malirewo, muyenera kupempha mwini malo kaye. Mapu a pafoni ngati onX amasonyeza malire ndi pamene mwaima. Ndinenepo mosabisa, poti ndife anthu amodzi: munthu wakuda ali ndi mfuti kumidzi ya ku Indiana amayang'anidwa kawiri. Alenje ambiri amene ndakumana nawo ndi anthu abwino, ena anandithandizapo kukoka nyama mumdima. Komabe ine mfuti ndimaiyendetsa m'chikwama chake yopanda chipolopolo, laisensi ndi chiphaso zili m'thumba la pachifuwa, ndipo sindiyandikira malire.

Tifike pa ntchito yeniyeni. Pa malo a boma mumasaka zinthu ziwiri, agwape ndi anthu, ndipo muyambe ndi anthu. Loweruka loyamba la nyengo ya mfuti, cha pakati pa Novembala, poimika magalimoto pamadzaza ngati pamsika wa Lizulu. Ambiri mwa anthuwo sapita kutali ndi galimoto, amatsata njira yosavuta, ndipo amakhala m'mphepete mwa munda pamene pakuoneka bwino. Agwape amadziwa zimenezi mkati mwa tsiku limodzi. Amasamukira kumene munthu safuna kupita: m'dambo la madzi ofika m'mawondo, m'ziyangoyango za minga, pakachilumba ka mitengo pakati pa bango. Nthawi zina si kutali n'komwe. Gwape wanga woyamba ndinamupeza pa kachitsamba kowirira pafupi ndi msewu, kamene aliyense ankakadutsa pothamangira mkati mwa nkhalango. Ndiye mukatsegula mapu, chongani kaye pamene anthu adzakhale, kenako dzifunseni kuti mukanakhala nyama mukanathawira kuti. Inu amene mumagwira ntchito ya mashifiti muli ndi mwayi umene anzanu alibe: Lachiwiri kapena Lachitatu nkhalango imakhala zii.

Mukatero pitani ndi mapazi, opanda mfuti. Nthawi yabwino kwambiri ndi Febuluwale ndi Malichi, masamba kulibe, mikwaso ya nyengo yathayo ikuonekera bwinobwino, ndipo mukawadzidzimutsa amakhala ataiwala pofika Okutobala. Mukufuna zinthu zitatu: pogona, podyera, ndi njira yolumikiza ziwirizi. Pogona mudzaona udzu wophwanyika mozungulira, pamalo owirira. Podyera pamasintha ndi nyengo: soya adakali wobiriwira, kenako mtedza wa mitengo ya oak ukayamba kugwa mu Okutobala amasiya zonse n'kukhamukira kumeneko, makamaka wa oak woyera umene suwawa, kenako zotsalira m'minda ya chimanga. Ndowe zake zili ngati za mbuzi. Zonyezimira ndi zofewa ndi zalero, zouma zotuwa musataye nazo nthawi. Mudzaona timitengo tosupuka khungwa pamene wamphongo anapalira nyanga, ndi malo amene anapalasa masamba ndi ziboda pansi pa kanthambi kolendewera n'kukodzapo. Zimenezi zimasangalatsa maso, koma zambiri amazichita usiku. Chofunika koposa ndi pamene mikwaso iwiri kapena itatu yakumana chifukwa malo apanikiza: pakati pa dambo ndi munda, pa kampata ka mpanda, powolokera kamtsinje. Khalani pamenepo.

Koma kukhala pamenepo n'kwachabe ngati mphepo simunaimve. Gwape amakhulupirira mphuno yake kuposa maso ndi makutu. Akaona chinthu chachilendo amaima kuti atsimikize, akamva phokoso amatchera khutu, koma akangonunkhiza munthu safunsanso. Mudzamva kufwenthera kwamphamvu kamodzi, kenako mchira woyera m'mwamba. M'masitolo muli sopo, mafuta opopera ndi zovala zoti zimabisa fungo. Sungani ndalama zanu. Palibe chimene chingabise mwamuna amene wayenda mtunda ndi katundu kumsana. Chimene chimagwira ntchito ndi kukhala kumunsi kwa mphepo, kuti izichoka kwa nyama kubwera kwa inu. Ine ndimayenda ndi phulusa m'kabotolo ka mankhwala a m'maso, ndimafinya pang'ono n'kuona kumene likupita. Malo aliwonse amene mwasankha, lembani mphepo yake: apa mpofunika ya kumadzulo, apa ya kumpoto. Mukhale ndi malo atatu kapena anayi, kuti m'mawa mukaona zanyengo musankhe oyenera. Njira yolowera nayonso ndi yofunika chimodzimodzi. Chaka changa choyamba chija ndinkadutsa pakati penipeni pa pogona pawo mumdima, n'kukakhala pamalo abwino kwambiri kudikira nyama zimene ndinali nditazithamangitsa kale ndekha.

Maso awo saona mtundu wa lalanje monga timauonera ife, choncho chovala chowala chimene lamulo limakukakamizani kuvala nyengo ya mfuti sichikuululani kwa nyama. Chimakuululani kwa mlenje mnzanu, ndipo cholinga chake n'chomwecho. Mtundu wa buluu amauona bwino, ndiye jinzi isiyeni kunyumba. Chimene amaona msanga ndi kugwedezeka. Kutembenuza mutu mofulumira, kukanda mphuno, kutulutsa foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumavuta ukamanjenjemera, ndipo chisanu cha Novembala kufupi ndi nyanja ya Michigan si cha pa Dedza. Valani zovala zingapo zopyapyala, osati za thonje zimene zimasunga thukuta. Jekete lalikulu linyamuleni m'manja poyenda, mukavale mutafika. Nsapato zikhale zosalowa madzi ndiponso zomasuka. Anthu ambiri amachoka m'nkhalango 9 koloko chifukwa cha zala zakuphazi, ndipo pochoka amadzutsa nyama n'kuzikankhira kwa amene watsala. Masabata awiri oyamba a Novembala, nyengo yokwerana, amphongo amayenda ngakhale masana dzuwa lili paliwombo.

Za kachilindo ka mumtengo kamene mumaona anzanu akunyamula: chaka choyamba musakwere. Kugwa mumtengo ndi kumene kumavulaza alenje ambiri ku Indiana, kuposa mfuti. Khalani pansi, msana patsinde la mtengo wokula kuposa mapewa anu, tinthambi pang'ono kutsogolo. Mukadzayamba kukwera, lamba wa thupi lonse akhale womangirira kumtengo kuyambira phazi likamachoka pansi, ndipo pa malo a boma misomali yoboola mtengo siloledwa. Muuze munthu kunyumba pamene muli ndi nthawi yobwerera. Mukafika, dzifufuzeni nkhupakupa thupi lonse. Zakuno zimapatsa matenda a Lyme.

Nyama ikafika, musawombere pongoona kuti tchire lagwedezeka. Muione yonse, muonenso chimene chili kuseri kwake. Dikirani itembenuke cham'mbali, lunjikani kuseri kwa mwendo wakutsogolo, cha pakati kutsikira pansi pang'ono, pamene pali mapapo ndi mtima. Mutu ndi khosi zisiyeni. Mukaphonya pang'ono mumathyola chibwano, nyama n'kukafa ndi njala patapita masiku. Woyamba wanu akhale wamkazi ngati malamulo a malowo akulola. Nyama yake ndi yofewa, ndipo nyanga sizidyedwa. Mukawombera, mtima udzagunda mpaka m'makutu, miyendo idzafuna kuthamanga. Khalani pansi. Yang'anitsitsani mtengo umene yadutsa komaliza, dikirani theka la ola. Kenako pitani pamene inaima mukawerenge magazi. Ofiira mowala okhala ndi thovu ndi a m'mapapo, ili pafupi. Oderako ndi a chiwindi, ipatseni maola anayi. Mukaona zobiriwira zonunkha ndiye mwalasa chifu: bwererani mwakachetechete, mubwere patapita maola asanu ndi atatu kapena kuposa. Yosathamangitsidwa imagona pafupi n'kufera pomwepo. Mukaidzutsa ipita kutali ndipo simuipezanso. Galu wa pachingwe wolondola magazi ndi wololedwa, ndipo alipo anthu amene amachita ntchito imeneyi mukawaimbira.

Mukaipeza, musanaisunthe lembani kapepala ka dzina lanu, adiresi, nambala ya laisensi, tsiku, ndi kuti ndi yamphongo kapena yaikazi, ndipo muilembetse ku DNR pa intaneti pasanathe maola 48. Kutumbula, ngati munatumbulapo mbuzi ya Khirisimasi, simuvutika. Ine tsiku loyamba ndinatha nthawi ndikutembenuza chiwindi kufunafuna ndulu kuti ndisaiphulitse, mpaka dala wina wodutsa anaseka n'kundiuza kuti agwapewa alibe ndulu. N'zoona, alibe. Tumbulani msanga, tsegulani chifuwa ndi kamtengo kuti mphepo ilowe; kukatentha, ikani matumba a ayezi m'mimba. Fungo loipa limene anthu amanamizira nyama yakutchire nthawi zambiri ndi la nyama imene inachedwa kuzizira. Kukoka makilo 40 m'matope ndi kumene kudzakuphunzitseni chifukwa chake ena sapita kutali ndi galimoto. Gulani kasileji ka pulasitiki kamene ana amaseweretsa pa chipale chofewa. Wamkazi mmodzi amapereka nyama yopanda mafupa pafupifupi makilo 20.

Pali matenda a muubongo wa agwape otchedwa CWD, amene anapezeka koyamba ku Indiana mu 2024 ku LaGrange County, dera lomwelo la Pigeon River. Palibe munthu amene watsimikizika kuti anawatenga, koma a zaumoyo amalangiza kusadya nyama imene yapezeka nawo, ndipo kuphika sikuwapha. DNR imayeza. Ife amene timakonda mutu, bongo ndi kuswa mafupa a msana, pa nyama iyi tidzigwire.

Tsono mfuti ija. Malamulo a raifolo pa malo a boma ku Indiana asintha kangapo zaka zapitazi, choncho werengani kabuku ka DNR ka chaka chimene mukusakacho musanatulutse ndalama, ndipo mawu a wogulitsa musawatenge ngati lamulo. Imene yakhala yololedwa nthawi yonse ndi shotigani yowombera chipolopolo chimodzi chachikulu, cha mtundu wa slug. Kwa woyamba ndimalangiza ya geji 20 (geji ndi muyeso wa kukula kwa mpope wa mfuti): sikankha phewa ngati ya 12, ndipo m'tchire la kumpoto kwa Indiana nyama zambiri zimaphedwa mkati mwa mamita 70. Yakale yosamalidwa bwino ndi yokwanira. Ganiziraninso uta wa crossbow, wogwira ndi kuwombera ngati mfuti, umene umaloledwa kuyambira 1 Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, pamene nyengo ya mfuti ndi masiku 16 okha. Anthu amakhala ochepa, kunja kumafunda, koma nyama iyenera kufika mkati mwa mamita 30. Ku Kingsbury kuli bwalo loyeserera kuwombera. Tengani mbale ya pepala, yofanana kukula ndi mapapo a gwape, muikhome pa mamita 50, ndipo muwombere mutakhala pansi zigongono pamawondo, mutavala jekete limene mudzavale m'tchire. Mtunda umene zipolopolo zisanu zonse zikulowa m'mbaleyo ndi umene mukuloledwa kuwombera nyama, ndipo ukakhala mamita 35 chaka chino, ndi 35 yomweyo.